Ngolo yopita nayo kumudzi: mmene tinaipangira kuti inyamule njinga yamoto

Ku Kalingalinga mu Lusaka, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, mukhoza kupangitsa chilichonse chachitsulo: mageti, mafelemu a zitseko, mabedi, mbaula, nsanja za matanki a madzi. Amisiri a kumeneko ali ndi manja abwino ndipo ndimawapatsa ulemu. Komatu ngolo yokoka ndi galimoto si geti. Geti likalemera kwambiri, ovutika ndi mahinjesi okha. Ngolo imathamanga kumbuyo kwanu, imadumpha, imapotoka, ndipo kilogalamu iliyonse imene mwawonjezera mudzaikoka mpaka kumudzi n'kubwera nayonso. Ndikaona ngolo zina zopangidwa m'makomboni mwathumu, chitsulo chochindikala paliponse, masipuling'i a lole ya Canter pansi pake, mtima umandiwawa. Mwini wake anatulutsa ndalama zambiri poganiza kuti akugula kulimba, chonsecho ngoloyo idzamuthyolera katundu ndiponso idzang'ambika yokha.

Ine kwathu ndi ku Katete, mkati ndithu, kutali ndi phula. Kumeneko njinga yamoto ndiyo imagwira ntchito yonse: kumunda, kuchigayo, kuchipatala, kukafunsa za feteleza kudepoti. Vaneti imafika pakhomo pa amayi, koma tinjira ta kudimba ndi ta kuminda ya kutsidya kwa dambo sitilola galimoto. Njingayo sindingaisiye kumudzi chaka chonse, chifukwa kuno ku Lusaka ndimayenderanso yomweyo. Iyenera kupita ndi kubwera.

Anthu amachita m'njira zitatu. Ena amaikwera kuchokera kuno, makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, pakati pa mabasi ndi mathiraki opita ku Malawi ndi ku Mozambique, pa kanjinga ka 150cc. Amenewo ndimawapempherera. Ena amaikweza basi, imagonekedwa cham'mbali pakati pa matumba, n'kukafika magalasi atathyoka, petulo atanunkhitsa katundu wa anthu. Ena amaikankhira kumbuyo kwa vaneti. Koma double cab kumbuyo kwake ndi mita imodzi ndi theka basi, pamene njinga ndi mamita awiri. Chitseko chakumbuyo chimakhala chotsegula ulendo wonse, ndipo zikwama, ufa wa ana ndi zonse zimene apabanja akonzera amayi zimasowa pokhala. Ngolo ndiyo inatsala.

Tisanagwire tepi, tinakhala pansi ndi pepala kuwerengera katundu. Njinga zimene zadzaza m'misewu mwathu, ma Boxer, ma TVS, ma Honda ang'onoang'ono ndi ma Yamaha AG amene alangizi a zaulimi amakonda, zimalemera pakati pa makilogalamu 110 ndi 135. Yanga tinailembera 130. Matumba anayi a feteleza, 200. Chigubu cha madzi, mafuta apadera, jeke ndi masipanala, 50. Zonse pamodzi 380. Tsono opanga magalimoto ambiri, kuphatikizapo a Toyota pa Hilux, amalemba m'buku la galimoto kuti ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, ndipo pa galimoto zazing'ono malirewo amatsika kuposa pamenepo. Mukachotsa 380 pa 750 mwatsala ndi 370. Ngolo yokha, yopanda kanthu, iyenera kukhala pansi pa nambala imeneyo, ndipo ife tinafuna kuti iyandikire 300.

Apa m'pamene ine ndi amisiri amene ndinawapatsa ntchitoyi tinayamba kusiyana maganizo. Ndi bambo achikulire, odekha, amene akhala akuwotcherera kuyambira ine ndili kusukulu.

"Abwana, msewu wa kwanu ndaumva. Tiike channel yaikulu, pansi tiyale chequer plate. Idzakhala ya ana ndi adzukulu."

"Amdala, tiyeni tiwerengere kaye," ndinatero.

Tinawerengera. Pepala limodzi la chequer plate, chitsulo chafulati cha timizere toletsa kuterera, la mamilimita 3, lalikulu mamita 2.4 kwa 1.2, ndi makilogalamu pafupifupi 70. Matabwa a paini ochindikala mamilimita 25 oyala malo omwewo safika ngakhale 40. Sikweya chubu ya 50 kwa 50, yochindikala mamilimita 3, mita iliyonse ndi makilogalamu 4 ndi pang'ono, ndiye mtanda umodzi wa mamita 6 mmene amagulitsira ndi theka la thumba la simenti. Matayala atatu a vaneti ndi malimu ake, ekiselo ndi masipuling'i, zimenezo zokha zadya kale theka la 300. Amdala anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye chitsulo chilichonse chiyenera kukhala ndi ntchito." Kuyambira pamenepo tinayenda limodzi, ndipo nzeru zambiri zimene zili pa ngoloyi ndi zawo.

Pulani yeniyeni tinaijambula pansi ndi choko, pa simenti ya pabwalo lawo. Bokosi la mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi. Tinakankhira njinga pakati pa chojambulacho, mnyamata wawo ataigwira zigwiriro, ife tikuzungulira. Tayala lakutsogolo tinalisiyira mpata wa chikhatho kuchokera ku mzere, lakumbuyo linatsala ndi malo okwanira kutseka chitseko. Tinagoneka matumba opanda kanthu mbali zonse ziwiri kuti tione ngati popondera mapazi ndi paipi ya utsi sizikhudza. Paipi inkakhudza, ndiye tinadziwa kuti matumba a mbali imeneyo ayenera kusunthira kutsogolo pang'ono. Zinthu zotere papepala sizioneka. Aliyense amene akufuna kupangitsa ngolo apite ndi njinga yake yomweyo kwa mmisiri, asangotchula dzina lake pafoni.

Za matayala ndinakakamira chinthu chimodzi: akhale ofanana ndi a galimoto yokoka, limu yake, kukula kwake, mabowo ake. Hilux ya 4x4 ili ndi mabawuti 6 pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7, ndipo ma Isuzu ambiri ndi ma Prado ali chimodzimodzi. Ubwino wake ndi wakuti sipeya ya ngolo ikhoza kupulumutsa galimoto, ya galimoto ikhoza kupulumutsa ngolo, ndipo tayala loterolo mudzalipeza ku Nyimba, ku Petauke kapena ku Sinda osavutika. Timatayala tating'ono ta ngolo zogula m'sitolo timazungulira kambiri pa mtunda womwewo, mabering'i amatentha, ndipo tikagwera m'dzenje timalowa tonse. Tayala lalikulu limadutsa pamwamba. Tinayesanso kuti mtunda wa pakati pa matayala a ngolo ufanane ndi wa galimoto, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mumchenga ndi m'matope ngolo imangoponda m'mapazi mmene galimoto yadutsa kale, m'malo modzitsegulira njira yakeyake. Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zimenezi n'zimene zimasiyanitsa wofika ndi wogona panjira.

Ambiri amatenga difu yakale ya galimoto n'kuisandutsa ekiselo chifukwa ndi yotchipa kwa ogulitsa zakutha. Ine sindiikonda. Ndi yolemera popanda chifukwa, ndipo chimimba chake chapakati chimalendewera pansi, n'kumagunda zitsa ndi mtumbira wa pakati pa msewu. Tinagula ekiselo yowongoka ya ngolo yokhala ndi mahabu ake, ndipo tinaimanga pansi pa masipuling'i kuti ngolo ikwere m'mwamba mofanana ndi galimoto. Mabering'i tinalemba manambala ake m'kabuku, tinagulanso ena apadera.

Tsono masipuling'i. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ngolo zambiri za kwathu kuno zimalakwikira.

Msewu wa dothi ukauma umachita mizere yopingasa ngati ya malata, ndipo galimoto ikamadutsa pamenepo chilichonse chimanjenjemera. Ntchito ya sipuling'i ndi kupindika kuti tayala likwere ndi kutsika lokha, bokosi lili phee. Sipuling'i ya Canter anaipangira matani. Mukaiika pansi pa ngolo ya makilogalamu 700 siipindika ngakhale pang'ono, ndiye m'malo mwa tayala lokha, ngolo yonse ndiyo imadumpha. Tayala limene lili m'malere siligwira msewu. Pokhota, ngolo imatsetserekera kunja n'kukoka kumbuyo kwa galimoto. Kugunda konseko kumathera mu zowotcherera, m'mabawuti, ndi mu njinga imene mwamanga pamwambapo. Ndinaonapo ngolo ina pa Kacholola itaima m'mbali mwa msewu, chitsulo chake chochindikala kuposa cha yathu kawiri, koma itang'ambika pomwe pamangiriridwa sipuling'i. Mwini wake ankadabwa, amvekere chitsulo cha masiku ano n'chabodza. Chitsulo chinalibe mlandu.

Ife tinatenga masipuling'i akumbuyo a vaneti yaing'ono, aatali, okhala ndi diso ndi mabushi mbali zonse ziwiri, n'kuchotsapo masamba afupiafupi apansi amene amagwira ntchito galimoto ikadzaza. Sipuling'i yaitali ndi yofewa kuposa yaifupi. Diso lakutsogolo limamangidwa pa bulaketi yosasuntha, lakumbuyo pa shackle imene imayendayenda kuti sipuling'i ikamawongoka ipeze kotalikira. Shackle imeneyo iyenera kupendekera kumbuyo pang'ono ngolo ikanyamula, isaime chilili ndipo isagone. Muyeso wathu unali wapafupi: munthu wamkulu akaima kumbuyo kwa ngolo n'kudzigwedeza, ngolo izivomera moonekera, ndipo katundu yense akakwera itsike masentimita 4 kapena 5, pamwamba pa ekiselo patatsalabe mpata. Pa mpata umenewo tinaika mphira yoletsa kuti chitsulo chisamenyane ndi chinzake.

Mashoki tinaikanso, ngakhale ngolo zambiri zilibe. Sipuling'i yofewa ikakankhidwa imapitiriza kuvina yokha, ndipo shoki ndiyo imaikhazika mtima pansi. Ndi ndalama yowonjezera, inde, koma yochepa poyerekeza ndi mafoloko a njinga otayitsa oyilo. China chimene amdala ananena, ndipo ndikuchibwereza chifukwa ndaona anthu akuchichita: sipuling'i siiwotchereredwa. Moto umaichotsa mphamvu yake ndipo idzathyokera pomwepo.

Felemu ya pansi sinativute. Mitanda iwiri m'litali, yopingasa isanu, yonse ya sikweya chubu. Tisanawotcherere kwenikweni tinangodontheza m'makona, n'kuyeza kuchokera kona ina kupita kona yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri, mpaka manambala atafanana. Chimodzimodzi ndi ekiselo: kuchokera pa chokolekera kutsogolo kufika kumapeto kwa ekiselo kumanja ndi kumanzere, muyeso ukhale umodzi. Ukasiyana, ngolo imayenda chankhanu ndipo imadya matayala.

Chimene chimafuna maso ndi mphanda ya kutsogolo, imene amisiri amati drawbar. Pamene imakumana ndi bokosi ndi pamene pamapindika nthawi zonse ngolo ikamayenda, kukwera ndi kutsika, ulendo wonse. Ambiri amangoigunditsa kutsogolo kwa bokosi n'kuwotcherera mozungulira. Yathu tinaipanga ndi chubu yokulirapo, ya 75 kwa 50, n'kuidutsitsa pansi pa felemu mpaka kukafika pa mabulaketi akutsogolo a masipuling'i, kuti mphamvu yokoka ichoke pa galimoto n'kukafika ku ekiselo mwachindunji. Powotcherera, amdala anatsata m'mbali mwa chubu m'litali mwake, osadutsa chopingasa pamwamba pake. Mzere wowotcherera wopingasa pamalo opindikapindika ndiwo umayambitsa mng'alu. Pa mabulaketi ndi pa drawbar tinagwiritsa ntchito ndodo zowotcherera za 7018 m'malo mwa 6013 zimene aliyense amagwiritsa ntchito pa mageti. Zimafuna kuti zikhale zouma bwino ndiponso makina akhale ndi moto wokwanira, ndiye masiku amene magetsi ankabwera ofooka tinkangodikira. Palibe chifukwa chothamangira pa malo amene moyo wa anthu a m'galimoto yakumbuyo kwanu wadalira.

Kutalika kwa drawbar tinaika mita imodzi ndi theka kuchokera pa bokosi. Galimoto ndi yotambalala pafupifupi mamita 1.8, ndiye drawbar iyenera kupitirira theka la muyeso umenewo kuti pokhota kwambiri kapena pobwerera m'mbuyo kona ya bokosi isaphwanye nyali za galimoto. Yaitali imathandizanso kuti ngolo isamakhote msanga pobwerera m'mbuyo, ndipo chitseko cha vaneti chimatseguka ngolo ili yokoleka. Sipeya tinaiika pamenepo.

Tsiku limene ndinasangalala nalo kwambiri ndi lofuna malo a ekiselo. Lamulo la amisiri ndi lakuti ekiselo ikhale kumbuyo pang'ono kwa pakati pa bokosi, magawo 60 pa 100 a bokosi akhale kutsogolo kwake. Pa bokosi lathu ndiye kuti mamita 1.44 kuchokera kutsogolo. Cholinga chake n'chakuti pa chokolekera pazitsamira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse, kwa ife makilogalamu 60 mpaka 70. Koma lamulo silidziwa kumene injini ya njinga yanu ili, kapena kulemera kwa sipeya yanu. Ndiye tisanawotcherere mabulaketi, tinasanjika felemu pa paipi yozungulira imene inagona pa mabuloko. Tinakweza njinga, tinaika matumba anayi a mchenga m'malo mwa feteleza, sipeya pamalo pake. Kenako tinabwereka sikelo yopachika, ija ya ogula chimanga ndi soya, tinaikoleka kunsonga kwa drawbar, anyamata awiri atanyamula mtengo paphewa. Muvi unaloza 90. Tinatsitsa, tinagubuduza paipi kutsogolo zala zitatu, tinanyamulanso. 78. Tinasunthanso. Utafika pa 65 amdala analemba ndi choko pa felemu, n'kunena kuti, "Ekiselo ikhala apa." Tinayesanso ndi njinga yokha, kenako ngolo yopanda kanthu, kuti tione ngati kutsogolo kukutsamirabe pansi nthawi zonse.

Nkhani imeneyi si yamasewera. Ngolo yolemera kumbuyo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, pang'ono poyamba, kenako kwambiri, mpaka kutembenuza galimoto. Zikayamba, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwamphamvu. Ikadekha imani, musunthire katundu kutsogolo.

Pansi tinayala matabwa ochokera kumsika wa Buseko, opaka oyilo wakuda, omanga ndi mabawuti, tikusiya timipata toti madzi ndi fumbi zizigwera pansi. Tayala la njinga silitsetsereka pa thabwa ngati mmene limachitira pa chitsulo chonyowa, thumba la chimanga silitentha, ndipo thabwa likathyoka kumudzi kalipentala aliyense amalisintha. Pakati tinaika ngalande yachitsulo yoyendamo matayala a njinga, ndi chogwirira tayala lakutsogolo chopangidwa ndi angle bar, chokwera mpaka pafupi ndi pakati pa tayala. Zonse ziwiri n'zomanga ndi mabawuti. Njinga ikatsika, mabawuti ochepa amamasulidwa ndipo ngolo imasanduka yonyamula chimanga, mtedza kapena mgolo wa madzi.

Poima njinga pa ngolo yathu pali masentimita pafupifupi 70 kuchokera padothi, ndiye chokwezera njinga tinachipanga cha mamita awiri, chokhala ndi milomo m'mbali, ndipo chimalowa pansi pa bokosi paulendo. Chachifupi chimakhala chotsetsereka kwambiri, ndipo mimba ya injini imagunda pa mlomo wa ngolo. Chili ndi kachitsulo kokolera kuti chisapulumuke njinga ili pakati. Kwezani njinga ngolo ili yokoleka ku galimoto, apo ayi kutsogolo kumadzuka. Kumudzi ndimangobwerera m'mbuyo mpaka pa chulu cha kuseri kwa khola, njinga n'kutsika pafupifupi mopanda chitunda.

Malegeni ndi abwino pomanga makala pa njinga yakapalasa. Pa njinga yamoto ya makilogalamu 130 ayi. Pamafunika malamba a ratchet anayi, ndipo mphete zokolekamo ziwotchereredwe pa felemu yeniyeniyo, m'makona, pansi, osati pa zotchinga za m'mbali. Awiri akutsogolo amachoka pa chitsulo chogwira mafoloko m'munsi mwa nyali, osati kunsonga kwa zigwiriro kumene kumapindika, ndipo amakokera kutsogolo ndi kunja kuti tayala likanikizike m'chogwirira chake. Kokani mpaka mafoloko atsike gawo limodzi mwa atatu, mwina theka, osawapanikiza mpaka pansi. Awiri akumbuyo ndi oletsa kuti njinga isadumphire m'mbali. Njinga iime chilili, sitandi yam'mbali ili yopinda, chifukwa ikatsamira pa sitandi imaboola thabwa kapena kupinda sitandiyo. Pali kanthu kamodzi kamene anthu amadzadziwa njinga itagwa kale: ngolo ikagwera m'dzenje, njinga imatsika pa masipuling'i ake, lamba amakhwefuka kamphindi, ndipo ngowe yotseguka imakoleduka. Ndiye ngowe zikhale zotseka, kapena muzimange ndi waya. Tayala lakutsogolo limangidwenso palokha ku chogwirira. Tsekani kampopi ka petulo. Kutsogolo kwa bokosi tinaimika sefa yawaya yopendekera pansi, chifukwa miyala yochoka ku matayala a galimoto imaswa nyali ya njinga, ina n'kubwerera kudzaswa galasi lakumbuyo la galimoto.

Chokolekera musapange nokha. Gulani chopangidwa kufakitale, chodindidwa kulemera kumene chimatha, ndipo chimangidwe ndi mabawuti olembedwa 8.8 pamutu ndi manati osamasuka okha. Cha mpira wa mamilimita 50 ndicho chofala ndipo pa phula chilibe vuto. Koma potsika mumfuleni, galimoto ikuyamba kukwera tsidya lina ngolo ikadatsika, kapena galimoto itapendekera kumanja ngolo kumanzere, mpira umafika pamapeto pa kupendekeka kwake, ndipo china chake chimayenera kupindika. Ine ndinasankha cha mphete yozungulira yolowa mu ngowe. Chimagogoda ponyamuka ndi poima, gu, gu, ndipo apabanja sachikonda, koma walira mvula walira matope. Poti n'chomanga ndi mabawuti, cha mpira ndimachisunga m'bokosi la zipangizo kuti galimoto ina ikhoze kukoka ngoloyo yanga itafa. Matcheni awiri opingasana pansi pa drawbar ndi oti chokolekera chikapulumuka, drawbar igwere pa matcheniwo, isalase pansi.

Kumbuyo kwa ekiselo tinaonetsetsa kuti palibe cholendewera. Nyali tinaziika m'mwamba, mkati mwa chitsulo chozitchinga, mawaya onse m'paipi, ndipo waya wa earth tinaukoka wakewake kuchokera ku pulagi ya mapini 7 m'malo modalira kuti moto udutsa pa chokolekera chadzimbiri. Zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Penti yoletsa dzimbiri poyamba, ina pamwamba. Ngolo yoyenda pamsewu wa boma imafuna kulembetsa ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto pamsewu, ikhale ndi nambala yake ndi mapepala ake monga galimoto. Pitani mukafunse zofunika musanadule chitsulo, ndipo malisiti a ekiselo, chitsulo ndi chokolekera muwasunge onse.

Tisanapite kutali tinaiyesa pa misewu ya dothi ya cha ku Chongwe itanyamula katundu wake yense, ine ndikuyendetsa, amdala atakhala kumbuyo kwa vaneti akuyang'ana mmene ikuyendera. Titaima anakwawira pansi ndi sipanala. Ma U-bolt ogwira ekiselo anali atakhwefuka pang'ono, monga amachitira onse akakhala atsopano, ndipo anawamanganso. Anandiuza kuti ndizichita chimodzimodzi ulendo uliwonse ndikachoka pa dothi. Mpweya wa m'matayala a ngolo tinautsitsako poyerekeza ndi wa galimoto, chifukwa tayala la vaneti lonyamula makilogalamu 300 okha likapopedwa kwambiri limangodumpha.

Pa Great East Road malo ofuna ulemu ndi mapiri a Manenekela, mukadutsa Rufunsa kulowera ku Luangwa. Ngolo yopanda mabuleki imakankha galimoto potsetsereka, ndipo makilogalamu 700 amamveka. Giya yotsika isankhidwe musanayambe kutsika, osati buleki itayamba kale kununkha. Pa Luangwa Bridge, pamene ena akutsatsana nsomba zouma ndi madengu, ine ndimazungulira ngolo. Ndimaika chikhatho pa habu iliyonse: yofunda ili bwino, yotentha moti dzanja silingakhalepo ndiye kuti bering'i yauma kapena yamangika kwambiri. Ndimakoka lamba aliyense, ndimagwedeza njinga, ndimayang'ana pamene drawbar yakumana ndi bokosi ngati penti yachita kamzere.

Chomaliza chimene tinakambirana nthawi yaitali ndi kutalika kwa zotchinga za m'mbali, ndipo chifukwa chake si njinga ayi, koma abale. Ngolo ikafika kumudzi ndi ya mudzi wonse, ndipo ine ndimakondwa nazo. Yatutapo chimanga cha amayi, yatengapo mbewu ya anthu kudepoti, yanyamulapo nkhuni ndi madzi pamaliro. Koma munthu akaona bokosi amafuna kulidzaza. Amdala ankafuna zotchinga za theka la mita. Tinagwirizana masentimita 30, ndipo ngakhale pamenepo, mukadzaza mchenga mpaka pamlomo mwanyamula kupitirira tani imodzi, katatu kuposa zimene masipuling'i aja anapangidwira. Mgolo umodzi wa malita 210 ndi makilogalamu oposa 210, ndiye iwiri yadutsa kale malire. Tinalemba ndi penti yoyera mbali zonse ziwiri: MATUMBA 7 BASI.

Asibweni atawerenga anapukusa mutu. "Mphwanga, chikochikale changa chimanyamula kuposa apa, chonsecho chimakokedwa ndi ng'ombe ziwiri."

"Zoona, asibweni," ndinayankha, "koma ng'ombe zanu sizithamanga 80 pa ola, ndiponso sizitsika Manenekela."

Anaseka, koma sanakhutire, ndiye ndinawatengera kumbuyo kwa ngolo n'kuwaonetsa kampata ka pakati pa ekiselo ndi mphira ija. Tinakweza matumba a chimanga limodzilimodzi iwo akuyang'ana pansi. Pa lachisanu ndi chiwiri mpata unatsala wa zala ziwiri. Ndinawapempha kuti aliyense wobwereka aziwerama n'kuyang'ana pamenepo asananyamuke, ndipo mpata ukatha atsitse thumba. Za njerwa ndi mchenga tinapangana kuti zizipita pa chikochikale chawo, ine ndizithandiza kugula girisi ndi machubu ake.